Umisiri wa Matabwa mu Sinodi ya Nkhoma, ndi Gawo la Ana M'menemo

Pokumbukira zimene Mulungu wachita pakati pathu chiyambire tsiku lija la 28 Novembala 1889, pamene Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok adamanga hema wawo pa Mvera m'dziko la Mfumu Chiwere, mwachibadwa timayamba kuganiza za kulalikira, za sukulu, za chipatala ndi za kumasulira kwa Buku Lopatulika. Ine ndapatsidwa malo kuti ndilembe za umisiri wa matabwa. Ndidzafotokoza m'mene ntchito imeneyi idafikira kuno, zimene idachitira Mpingo, ndi m'mene idazilalira. Koma makamaka ndifuna kuloza chinthu chimodzi chaching'ono chimene chidatsalira kunja kwa nyumba ya amisiri, ndicho choseŵeretsa cha mwana. Ena mwa inu, abusa anzanga ndi akulu a mpingo, mudzati nkhani yotere siyenera kukhala m'buku lachikumbutso. Ndikupemphani muyambe mwaŵerenga.

Tisaganize kuti Acheŵa adayamba kugwira mtengo Azungu atabwera. Makolo athu anali ndi nkhwangwa, nsompho ndi kasemasema, zosulidwa konkuno ndi chitsulo cha m'ng'anjo zawo, ndipo ndi zida zimenezi ankasema mitondo ndi minsi, mipini, zipande, mithiko, ng'oma, ndi mabwato kunyanja. Koma umisiri wawo unali wochotsa: munthu ankatenga chipika chimodzi, nachotsa zosafunika kufikira chinthucho chitatuluka, popanda kulumikiza kanthu. Chimene amishoni adafalitsa ndicho thabwa, mtengo wochekedwa m'litali, wopalidwa, woyezedwa ndi sikweya ndi kulumikizidwa ndi unzake. Kusiyana kumeneku nkwakukulu ndithu, ndipo chinenero chathu chimakusunga: wina timamutcha wosema, wina kalipentala. Tidzabwereranso ku mawu aŵiriŵa, pakuti nkhani yathu yagona pakati pawo.

Ana nawonso anali ndi gawo lawo pa umisiri wakalewo. Mnyamata woŵeta ankaumba ng'ombe zadothi kudambo, za nyanga ndi linunda, nazimenyanitsa ndi za mnzake. Atsikana ankabereka chitsononkho cha chimanga kumbuyo, nasinja mchenga m'kamtondo kamene atate kapena atsibweni adawasemera, makamaka m'nyengo ya masanje anthu atakolola. Panali nsikwa, kachibade ka chikho kobooledwa pakati ndi kuloŵetsamo kamtengo, kamene magulu aŵiri okhala moyang'anana ankapota kuti kakagwetse zitsononkho za anzawo. Ndipo panali nguli, imene ine ndimaiyesa mfumu ya zoseŵeretsa zamtengo za kwathu: kachipika kosongoka kunsi, kokwapulidwa ndi luzi kuti kavine pabwalo. Nguli yosemedwa mokhota sivina, imadzandira, nigwa. Chotero mwana wa zaka 8 ankaphunzira ndi mpeni m'manja chimene kalipentala amaphunzira ndi sikweya, kuti mtengo sunamizika. Mbusa David Clement Scott wa ku Blantyre, polemba buku lake lalikulu la mawu a Chimang'anja limene lidatuluka mu 1892, sadanyoze zinthu zotere. Adalembamo miyambo, ntchito ndi maseŵero a anthu pamodzi ndi mawu awo.

Kunena zoona, amisiri a Jumbe ku Nkhotakota anali atayamba kale kukhoma zombo zamatabwa, koma luso lawo lidakhala m'mbali mwa nyanja, likutumikira malonda a minyanga ndi akapolo. Thabwa limene lidafika m'midzi ndi m'matchalitchi lidabwera ndi chombo cha Ilala, chimene chidaloŵa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875. M'gulu loyamba la Livingstonia lija munali kalipentala, George Johnston, pamodzi ndi osula zitsulo ndi mlimi; ndipo Dr. Robert Laws mwini, asanakhale dokotala ndi mbusa, adaphunzira ntchito yopanga mipando ndi makabati ku Aberdeen, imene inali ntchito ya atate ake. Nchifukwa chake atasamukira ku Khondowe mu 1894, sukulu imene adayambitsa kumeneko inali ndi nthambi ya amisiri pambali pa ya aphunzitsi, ndipo anyamata ankalembedwa kwa zaka zingapo kuphunzira ukalipentala, kumanga ndi kusindikiza. Ku Blantyre, tchalitchi cha St Michael and All Angels chidamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891 ndi anthu a m'dziko muno amene adaphunzira ntchitoyo poigwira, mtsogoleri wawo Scott naye asadaphunzirepo zomangamanga. Ngakhale John Chilembwe, atabwerera kuchokera ku America mu 1900, adaika mawu onena za ntchito zamanja m'dzina la mishoni yake ya ku Mbombwe, Providence Industrial Mission. M'masiku amenewo oŵerengeka okha ndiwo ankakayika kuti Uthenga ndi sowo ziyendera limodzi.

Kwa ife a kuno pakati, chimene chidakakamiza amishoni kuphunzitsa amisiri chinali kusoŵa. Katundu wochokera kunja ankakwera kuchokera kunyanja pamitu ya amtengatenga, ndipo munthu sangasenze denga la tchalitchi pamutu. Tsono pa Mvera, pa Kongwe mu 1894, pa Nkhoma mu 1896 m'dziko la Mfumu Mazengera, pa Mlanda mu 1902 ndi pa Mphunzi mu 1903, ntchito yoyamba ya manja inali yofanana: kuumba njerwa ndi kucheka matabwa. Kachekedwe kake ambiri a ife tidakaona tili ana. Ankakumba dzenje, nagoneka chipika pamwamba pake, najambula mizere ndi chingwe chonyika m'makala osinja. Munthu mmodzi ankaima pamwamba kutsata mzere, mnzake ali m'dzenje kukoka macheka, utuchi ukumugwera kumaso tsiku lonse. Matabwawo ankasanjidwa pamthunzi, timitengo tili pakati pawo kuti mphepo idutse, pakuti mbaŵa yaiŵisi imapindika ndi kung'aluka. Zitseko, mafelemu a mazenera, mitanda ya denga, mabenchi, gome la Mgonero, guwa lolalikirapo, mabolodi a sukulu za m'midzi, magoli ndi ngolo za ng'ombe: zonsezi zidatuluka m'dzenje la macheka. Pamene tikutchula maina a abusa oyamba, Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza, amene adadzozedwa mu 1925, tikumbukirenso kuti guwa limene adaimapo lidapalidwa ndi Mkhristu wina amene anali ndi matuza m'manja.

Likulu litachoka ku Mvera kupita ku Nkhoma m'masiku a Mbusa W.H. Murray, maphunziro a ntchito zamanja adakula. Kunali ukalipentala, kumanga, kusoka nsapato, kuomba nsalu ndi ulimi. Cholinga cha amishoni athu chinali chosiyana pang'ono ndi cha ku Khondowe. Iwo sadafune kwenikweni kutulutsa amisiri okagwira ntchito m'matauni ndi m'minda ya Azungu; adafuna Mkhristu wokhala pamudzi pake, wodziŵa kuŵerenga Mawu m'chinenero chake, wolima bwino, wokhoza kudzikhomera chitseko ndi mpando. Mu 1924 kudabwera gulu loyendera sukulu za mu Africa la Phelps-Stokes, motsogozedwa ndi Dr. Thomas Jesse Jones, muli ndi Dr. James Aggrey wa ku Gold Coast. Iwo adayamika kwambiri njira ya ku Nkhoma, naiona kuti ndiyo yoyenera moyo wa kumudzi kuposa ya ku Livingstonia.

Komatu chiyamiko chimenechi chinali ndi minga. Anthu athu anali ndi maso. Adaona kuti kalaliki wa cholembera amalandira zambiri kuposa mmisiri wa puleni, ndi kuti kwa anyamata amene ankapita ku Salisbury ndi ku Joni, wodziŵa Chingerezi ndiye ankakhala kapitawo. Adayamba kufunsa ngati ntchito zamanja sizinali mpanda wotchinga mwana wa munthu wakuda kuti asapitirire. Funso limeneli lidakula mu 1953, pamene boma la South Africa, dziko limene amishoni athu ankachokera, lidakhazikitsa lamulo la Bantu Education, limene cholinga chake chinalidi chotero. Sukulu ya Tiger Kloof pafupi ndi Vryburg, imene London Missionary Society idatsegula mu 1904, kumene Seretse Khama ndi Quett Masire a ku Botswana adaphunzira, inali itaonetsa kuti buku ndi ukalipentala zingakhale pansi pa denga limodzi popanda china kupondereza chinzake. Koma malamulo a tsankho adaitseketsa mu 1962. Ine sindingadzudzule makolo athu chifukwa chokayikira. Anali ndi chifukwa chomveka. Koma pokana mpanda tidataya ndi nsungwi zomwe.

Zotsatira zake tikuzidziŵa, ndipo sindichedwapo. Sinodi itatenga udindo wonse mu 1962 idalandira mipingo, sukulu, chipatala ndi nyumba zambiri zofuna kukonza, ndalama zili zochepa. Ufulu utabwera mu 1964 mtima wa kholo lililonse udali pa mayeso ndi pa setifiketi. Kuphunzitsa amisiri kudasanduka ntchito ya sukulu zapadera monga za ku Namitete, Lilongwe ndi Salima, ndipo kuyambira 1999 kuli pansi pa bungwe la TEVETA. M'sukulu za pulayimale phunziro la ntchito zamanja lidatsala dzina lokha. Amsinkhu wanga akukumbukira kuti pakutha pa teremu tinkapereka tsache kapena mpini, ndipo kaŵirikaŵiri mpiniwo anali atasema ndi agogo.

Tsono tiyeni tibwerere ku mndandanda uja wa zotuluka m'dzenje la macheka, tiuyang'anenso. Muli chitseko, benchi, guwa, goli, ngolo, ndipo pomaliza bokosi la maliro. Zonsezi nza akulu. Mwana adalandirapo bolodi ndi benchi, zinthu zomukhazika pansi ndi kumutontholetsa. Mbali ina chifukwa chake nchodziŵikiratu: thabwa lochekedwa ndi thukuta lotere linali lamtengo wapatali, ndipo munthu amene tchalitchi chake chilibe chitseko sangayambe ndi chidole.

Koma ndikhulupirira kuti panali chifukwa china chozama, chokhudza chiphunzitso. Ife ndife Mpingo wa lamulo lachiŵiri. M'dziko la Acheŵa nkhope yosemedwa inali ndi mwini wake, ndiye dambwe. Ndipo kuyambira pachiyambi, makamaka m'zaka za m'ma 1920 pamene sukulu ndi Nyau zinkalimbirana anyamata omwewo, Mpingo udaima motsutsana ndi gule. Sindikutsegula pano mlandu umenewo. Zolamulira zidanena kale. Chimene ndikuloza ndi chotsatira chimene palibe msonkhano umene udachifuna: m'maganizo a Akhristu ambiri kalipentala adakhala munthu wa pamishoni, wosema nakhala munthu wokayikitsa. Mzere woongoka udabatizidwa, nkhope ya nyama idatsalira kunja. Ndipo choseŵeretsa cha mwana chimakhala pakati penipeni pa aŵiriŵa, pakuti ngolo ndi ya kalipentala koma ng'ombe zoikoka nza wosema.

Kodi Malembo amatiphunzitsa chiyani? Pa Yesaya 44 mneneri akuseka mmisiri amene amadula mtengo umodzi, mbali ina nawotha moto ndi kuphikira, mbali yotsala naisandutsa mulungu womugwadira. Tchimo la munthu uyu silili m'manja mwake koma m'maondo mwake. Pa Eksodo 31 tikumva kuti Mulungu adadzaza Bezaleli ndi Mzimu wake, ndipo mwa maluso amene adampatsa mulinso kusema mitengo. Katekisma wa Heidelberg wa 1563, amene ali muzu wa chiphunzitso chathu, amasiyanitsa bwino zinthuzi pa mafunso 96 mpaka 98. Amaletsa kufanizira Mulungu m'njira ina iliyonse. Amalola kufanizira zolengedwa, bola zisapembedzedwe kapena kugwiritsidwa ntchito popembedzera Mulungu. Ndipo amakana kuti zifanizo ziloŵe m'malo mwa kulalikira m'tchalitchi. Pamenepo malire aonekeratu. Sitidzasema Ambuye Yesu, ndipo sitidzaika chosema paguwa. Koma mvuu yamtengo imene mwana akuikoka ndi chingwe pabwalo siili m'gulu limeneli ngakhale pang'ono. Mwanayo saigwadira, amaikhalira. Anzathu a Katolika ku Mua, kumene mishoni idayamba mu 1902, adatenga njira yawo mu 1976 pamene Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a KuNgoni nasonkhanitsa osema. Ife sitingawatsate m'zonse, chifukwa cha mafunso atatu aja. Koma iwo adampatsa wosema malo, pamene ife tidamusiya pamsewu.

Palinso kakhalidwe kathu kopeputsa maseŵero. Tidaleredwa kuti mwana wabwino ndi wotumika, ndipo woseŵera akutaya nthaŵi. Koma mneneri Zekariya, pofuna kuonetsa m'mene Yerusalemu wobwezeretsedwa adzakhalire, pa mutu 8 sakutchula nyumba zazitali kapena asilikali. Akutchula nkhalamba zokhala m'makwalala ndi ndodo zawo, ndi anyamata ndi atsikana akuseŵera momwemo. Ambuye wathu, amene anthu a kwawo adamdziŵa monga mmisiri pa Marko 6:3, ndi amene Justin Martyr wa ku Samariya, polemba cha m'ma 160, adati ankapanga makasu a ng'ombe ndi magoli, adayang'anitsitsa maseŵero a ana pamsika kufikira adatengapo fanizo la pa Mateyu 11.

Akhristu a maiko ena, ena mwa iwo okhwima pa chiphunzitso ngati ife, adaona nkhaniyi mwa njira ina. Friedrich Fröbel wa ku Germany, mwana wa mbusa, amene pa unyamata wake adaphunzira ntchito yosamalira nkhalango, ndiye adayambitsa sukulu ya ana aang'ono imene mu 1840 adaitcha Kindergarten, ndiko kuti munda wa ana. Zida zake zophunzitsira adazitcha mphatso, ndipo zambiri zinali zamtengo. Imodzi mwa izo inali kabokosi kokhala ndi tizidutswa 8 tofanana mbali zonse, timene tikasanjidwa pamodzi timapanga chidutswa chimodzi chachikulu. Mwana akamagumula ndi kusanjanso, amapeza yekha theka, gawo la magawo anayi, chonse ndi mbali yake, asanamve nkomwe mawu akuti masamu. Taonani kuchepa kwake kwa thabwa lofunika pamenepo! Zotsala pa mwendo umodzi wa tebulo zikwanira.

M'dziko lomwelo, m'mudzi wa Seiffen ku mapiri a Erzgebirge, anthu ankakumba miyala ya tini. Migodi itayamba kutha, mabanja adatembenukira ku mitengo ya m'mapiri mwawo nayamba kupanga zoseŵeretsa. Cha m'ma 1800 adatulukira luso lodabwitsa. Mmisiri amamangirira chipika chachiŵisi pa makina ozunguza, nachisema chikuzungulira kufikira chitakhala ngati nkhata yaikulu ya mizere ndi mikwasa. Poiona sungadziŵe kuti nchiyani. Koma akaidula mopingasa, monga tidulira buledi, chidutswa chilichonse chimatuluka ndi maonekedwe a kavalo, kapena ng'ombe, kapena njovu, ndipo amayi ndi ana amatsiriza ndi mpeni ndi utoto. Nyama zimenezi zinkadzaza zingalaŵa za Nowa zimene zidagulitsidwa kutali. M'mabanja ambiri opembedza a ku Britain ndi ku America m'zaka za m'ma 1800, kumene Sabata linkasungidwa mwamphamvu kuposa kwathu kuno, zoseŵeretsa zina zonse zinkatsekeredwa pa tsikulo, koma chingalaŵa cha Nowa chinkaloledwa chifukwa chinali nkhani ya m'Baibulo. Ndiponso ku Billund m'dziko la Denmark, kalipentala wina wopembedza, Ole Kirk Christiansen, ntchito yomanga nyumba itasoŵa mu 1932 adayamba kupanga timagalimoto ndi zoseŵeretsa zina zamtengo. Mu 1934 adatcha ntchito yake Lego, dzina limene ladziŵika pa dziko lonse.

Kuno kwathu ana sadadikire msonkhano wa Sinodi. Adapitiriza okha, ndi zimene adatola. Mapesi adasanduka magalasi a m'maso ndi malole. Waya wa mpanda adasanduka galimoto ya chiwongolero chachitali, ya mawilo okhota mwana akapotoza dzanja, luso limene lidadziŵika ndi kunja komwe pamene buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa ku Malaŵi, lidatuluka ku America mu 1990. William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, amene adasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, namanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa, njinga yakale ndi milongoti ya bulugamu, sadayambire pa makinawo. Adayambira pa timagalimoto timene ankapanga ndi anzake ali wamng'ono. Dzanja limene lidamanga nsanja ija lidaphunzira m'maseŵero, kudera lathu lomwe lino.

Osema aja tidawasiya pamsewu nawonso sadagone. Kwa zaka zambiri, pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town mu Lilongwe, panjira yochokera ku Salima kupita ku Senga Bay, ndi ku Nkhata Bay, alendo akhala akugula bawo, mipando yosema, magalimoto ndi ndege zamatabwa, ndi zingalaŵa za Nowa zodzaza nyama ziŵiriziŵiri. Ndiye kuti zoseŵeretsa zamtengo zikupangidwa m'Malaŵi muno, zokongola ndithu, koma zikukwera ndege kupita kwa ana a eni ndalama. Mwana wa Sande Sukulu wa pa Chinthembwe amene amadziŵa nkhani ya Nowa pamtima sadagwirepo chingalaŵa chotere. Ndipo malondaŵa, pamodzi ndi makala ndi macheka, adadya mitengo yabwino. Phingo amatenga zaka zoposa 70 kuti akhwime. Mlombwa ndi mbaŵa zimene agogo athu ankacheka pafupi ndi mishoni tsopano zimachokera kutali. Mkungudza wa ku Mulanje, umene udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, pofika 2017 ofufuza adapeza mitengo yokhwima 7 yokha paphiri lonselo.

Sindingadumphe zaka za m'ma 1990. Mliri wa Edzi utafika pachimake, makalipentala a ku Mchesi ndi a m'matauni ena adasiya mipando nayamba kukhoma mabokosi, ndipo ife abusa tinkachoka kumanda kupita kumanda. Ena mwa mabokosiwo anali aafupi, onyamula munthu mmodzi m'manja. Kwa ana ambiri a m'zaka zimenezo, chinthu choyamba chimene kalipentala adawapangira poyeza msinkhu wawo chinali chimenecho. Mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, amisiri ambiri adabwerera ku mipando ndi mabedi.

Masiye otsala pa mliriwo ndiwo adachulukitsa sukulu zamkombaphala m'midzi, ndipo mu 2003 boma lidakhazikitsa ndondomeko yake ya mmera mpoyamba. Zambiri mwa sukuluzi zimakumana m'nyumba zathu zopemphereramo, ndipo ozisamalira ndi amayi odzipereka, ambiri a iwo a Chigwirizano. Aliyense amene wayendera mipingo waona zimene zili m'menemo: mphika wa phala, mkeka, ndi ana 40 kapena 50 akuloŵeza zilembo mofuula chifukwa palibe chogwira m'manja. Zidole zapulasitiki za pamsika zimathyoka sabata isanathe. Fröbel akadaloŵa m'menemo akadafunsa kuti kalipentala wa mpingo uno ali kuti.

Alipo. Mumpingo uliwonse muli amuna opuma pa ntchito, aphunzitsi akale, apolisi, makalaliki, ena obwerera ku Harare ndi ku Joni, amene ali ndi sowo, hamala ndi tchizulo m'bokosi pansi pa bedi, ndipo amakonda kukhomakhoma madzulo popanda kufunapo malipiro. Inenso ndili ndi kabenchi kotere kuseri kwa nyumba ya abusa, ndipo zimene ndinene apa ndazipeza pamenepo. Ntchito imeneyi sifuna mtengo wa m'nkhalango. Zidutswa zimene makalipentala amataya kapena kusonkhera moto nzokwanira, ndipo ambiri amapereka mwaulere akamva kuti nza ana. Malaina, amene adabzalidwa ochuluka m'chigawo chapakati, ndi abwino koposa pa ntchitoyi: ndi opepuka, ofeŵa posema, ndipo sang'aluka msanga. Paini wa ku Dedza ndi ku Chikangawa nayenso ndi wabwino, kungoti mfundo zake zimavuta pobowola. Mlombwa ndi mbaŵa zisungidwire mawilo ndi nguli, zimene zimafuna kulimba.

Koma pali zoyenera kusamala, pakuti mwana wamng'ono amayesa chinthu chilichonse ndi pakamwa. Thabwa lonyikidwa m'mankhwala oletsa chiswe, lija looneka mobiriŵira kapena lonunkha phula la pamsewu, lisagwiritsidwe ntchito konse. Penti wina wamafuta amakhala ndi mtovu, umene umaononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono popanda chizindikiro. Nkwabwino kusiya thabwa lili loyera, kapena kulipaka phula la njuchi. Misomali ipeŵedwe, chifukwa thabwa likang'aluka msomali umatsala poyera; m'malo mwake mubowole ndi kukhomera kamtengo kozungulira kopaka guluu. Ngodya zonse zikhulidwe ndi tupa ndi sandipepala kufikira mutazipititsa patsaya panu osamva kukanda. Ndipo kwa ana osafika zaka 3, pasakhale kachidutswa kokhoza kuloŵa konse m'kamwa.

Woyamba kumene ayambe ndi tizidutswa 8 tija m'kabokosi kawo. Tikuoneka tosavuta, koma tidzamuonetsa ngati sikweya yake ili yoona, pakuti kamodzi kakapendekeka chivundikiro sichitseka. Akatha pamenepo apange kamtondo ndi kamunsi, kenaka nyama zodulidwa pa thabwa lathyathyathya, zonenepa bwino kuti ziime zokha. Ngolo ikhale yomalizira, chifukwa cha mawilo. Wopanda makina ozunguza ajambule wilo ndi chivundikiro cha botolo lalikulu, abowole pakati asanadule, adule mozungulira kunja kwa mzere, kenaka aloŵetse mawilo onse pa kamtengo kamodzi ndi kuwakhula pamodzi ndi tupa kuti atuluke ofanana. Bowo la m'thupi la ngolo likule pang'ono kuposa kamtengo kodutsamo, koma la m'wilo ligwire zolimba. Ndipo pakati pa wilo ndi thupi pasiyidwe kampata kokwana chikhadabo, chifukwa m'nyengo ya dzinja thabwa limafufuma ndipo ngolo yothina imaleka kuyenda.